Bondo la kagalu: kudikira, kuchita opaleshoni pano, kapena kuyembekezera kuti kakule?

Kagalu kakuthamangira mpira, mwadzidzidzi kanyamula mwendo wakumbuyo, kadumphadumpha ndi miyendo itatu kanayi kapena kasanu, katambasula mwendowo ngati kakusasa madzi, basi kapitiriza liwiro ngati palibe chachitika. Osalira n'komwe. Ambiri poyamba timaseka. Kusekako kumatha tsiku lomwe dokotala wa ziweto wagwiragwira bondolo, n'kukuyang'anani, n'kutchula mawu oti opaleshoni.

Vuto lofala kwambiri pabondo la tiagalu ndi kuguluka kwa kafupa kakang'ono ka kutsogolo kwa bondo, komwe madokotala amakatcha patella. Kafupaka kamayenda m'kangalande komwe kali kunsonga kwa fupa la ntchafu, kukwera ndi kutsika galu akamapinda mwendo. Kangalandeko kakakhala kosazama, kapena mafupa a mwendo akakhala opindika pang'ono moti minofu ya ntchafu ikukokera kumbali, kafupaka kamatuluka m'njira yake, nthawi zambiri kulowera chamkati mwa mwendo. Agalu ang'onoang'ono monga Pomeranian, Chihuahua, Yorkshire Terrier ndi Toy Poodle ndi omwe amavutika kwambiri, ngakhale akuluakulu monga Labrador nawonso sawasiya. Pafupifupi theka la agalu omwe ali ndi vutoli amakhala nalo m'mawondo onse awiri. Ndipo ngati mukudziimba mlandu kuti mwina ndi tsiku lija kanadumpha pampando, dzikhululukireni: agalu ambiri amabadwa kale ndi kaumbidwe ka mwendo komwe kamabweretsa zimenezi.

Chimodzi ndichotseretu m'njira. Kagalu komwe kagwa kapena kupondedwa, kakulira, ndipo mwendo sikakuponda n'komwe, nkhani yake ndi ina. Kakhoza kukhala kathyoka kansonga ka fupa la msongolo komwe mtsempha wa patella umagwira, zomwe zimachitikira tiagalu ta miyezi yochepa chifukwa fupalo limakhala lisanalumikizane bwino, kapena kaduka mtsempha wa mkati mwa bondo. Pamenepo palibe zoyerekeza njira. Pitani nako kuchipatala lero.

Zoyenera kuziyeza musanasankhe

Choyamba chomwe mudzauzidwe ndi giredi, kutanthauza kukula kwa vutolo, kuyambira 1 mpaka 4. Pa giredi 1, dokotala akakankha kafupako ndi chala kamatuluka, akasiya kamabwerera kokha. Pa giredi 2 kamatuluka kokha nthawi zina, n'kukhala kunjako mpaka galu atatambasula mwendo kapena wina atakabweza. Pa giredi 3 kamakhala kunja nthawi zambiri. Mungakabweze ndi dzanja koma kamatulukanso. Pa giredi 4 kali kunja mpaka kalekale, ngakhale dzanja silingakabweze.

Giredi payokha siigamula mlandu. Pali agalu a giredi 2 omwe amadumphira ndi miyendo itatu kamodzi pamwezi, ndipo pali ena a giredi 2 yomweyo omwe amatsimphina tsiku lililonse. Choncho chachiwiri ndi mayendedwe a kagalu kanu kunyumba, osati patebulo la dokotala pomwe kali njenjenje ndi mantha. Jambulani kanema pafoni kakamatsimphina, ndipo lembani masiku omwe zachitika. Kakope kameneko kadzathandiza dokotala kuposa mawu oti "kamatero nthawi zina."

Chachitatu ndi msinkhu, ndipo apa ndi pomwe nkhani ya kagalu imasiyanirana ndi ya galu wamkulu. Kumapeto kwa mafupa a kagalu kuli malo ofewa omwe fupa limakulira. Ozungulira bondo amatsekeka galu akamayandikira chaka chimodzi, msanga pang'ono kwa agalu ang'onoang'ono, mochedwerapo kwa akuluakulu. Kudula kapena kukhoma timisomali pamalo amenewa asanatseke kungaimitse kukula kwa mbali imeneyo. Koma kudikira nakonso kuli ndi mtengo wake, chifukwa kangalande kaja kamazama chifukwa cha kukanikizidwa ndi patella kagalu kakamakula. Patella akakhala kunja miyezi yonse ya kukula, kangalande kamatsala kosazama, ndipo minofu yokokera kumbali imapitiriza kupinda fupa la ntchafu ndi kupotoza la msongolo.

Chachinayi ndi kulemera kwa galu akadzakula, popeza agalu olemera ndi omwe amakumana ndi mavuto ambiri pambuyo pa opaleshoni. Chachisanu, chomwe ambiri amachiiwala, ndi nyumba yanu: kodi alipo munthu woti akhale nako masabata 6 mpaka 8 kali m'khola? Pansi ndi poterera? Pali masitepe, ana, kapena galu wina wokonda kulimbana?

Njira zilipo zinayi, ndipo iliyonse ndiiyeza pa zinthu zinayi: mtengo, kupezeka kwake, chisamaliro, ndi zoopsa.

Njira yoyamba: kusachita opaleshoni, kumangoyang'anira

Uku si kungokhala manja lende. Ndi kusunga galu wosanenepa, kumuyendetsa mokwanira kuti minofu ya ntchafu ilimbe, kuchepetsa zodumphadumpha, kumwetsa mankhwala opha ululu masiku omwe wavutika, ndi kubwerera kwa dokotala miyezi ingapo iliyonse kagalu kakadali kukula.

*Mtengo.* Ndi wotsika kuposa njira zonse, koma sutha. Mumalipira pang'onopang'ono: kuonana ndi dokotala, mankhwala, mwina mafizo.

*Kupezeka kwake.* Dokotala aliyense wa ziweto angakutsogolereni.

*Chisamaliro.* Ntchito yaikulu ili m'mbale ya chakudya. Kwa kagalu kolemera makilogalamu 3, kuwonjezera theka la kilogalamu ndi katundu wamkulu pabondo. Muzitha kumva nthiti zake mukasisita m'mbali osakanikiza. Mankhwala opha ululu monga meloxicam kapena carprofen aperekedwe ndi dokotala basi. Musayerekeze kukapatsa ibuprofen wa anthu. Amawononga m'mimba ndi impso za galu.

*Zoopsa.* Palibe masewera olimbitsa thupi kapena mankhwala omwe angazamitse kangalande kapena kuwongola fupa. Nthawi iliyonse patella akatuluka amakwecha mnofu wosalala womwe umakuta mafupa, ndipo mapeto ake ndi nyamakazi. Bondo lotere limaikanso mtsempha wa mkati mwa bondo pachiswe, moti mwa agalu ena umadzaduka atakula. Choopsa china n'chakuti diso limazolowera: kutsimphina kukamakula pang'onopang'ono, mwini wake ndi amene amakhala womaliza kuzindikira.

Za zomangira pabondo zogulitsidwa pa intaneti ndingonena mwachidule. Bondo la galu ndi lalifupi, lili pafupi ndi mimba, ndipo chomangiracho chimatsetsereka kapena kunyula khungu. Sichingagwire patella m'malo mwake. Mapiritsi a glucosamine, omwe amati amathandiza molumikizira mafupa, nawo sakonza kaumbidwe ka mwendo.

Njira yachiwiri: kudikira mafupa akhwime, kenako opaleshoni yodziwika

Iyi ndi njira yomwe agalu ambiri ofunika opaleshoni amadutsa, ndipo ndikhalitsapo. Dokotala amachita zinthu zingapo pa opaleshoni imodzi, malinga ndi zomwe wapeza. Amazamitsa kangalande: amadula kachidutswa ka fupa pamodzi ndi mnofu wake wosalala, kuchotsa fupa pang'ono pansi pake, n'kubwezera kachidutswako mozamirapo, kuti patella aziyendabe pamalo osalala. Kenako amadula kansonga ka fupa la msongolo komwe mtsempha wa patella umagwira, kukasuntha chakunja kuti minofu izikoka molunjika, n'kukakhoma ndi timisomali tachitsulo, nthawi zina ndi waya. Pomaliza amamasula minyewa yomwe yakungika mbali imodzi ndi kumanga yomwe yakhwepa mbali inayo.

Mufunse dokotala mosabisa ngati adzasuntha kansonga kaja. Kungozamitsa kangalande ndi kusoka minyewa, osakonza komwe minofu ikukokera, kumasiya gwero la vuto lili pomwepo, ndipo patella amatulukanso mosavuta.

*Mtengo.* Ndi waukulu, ndipo mtengo womwe mumauzidwa poyamba kawirikawiri si wonse. Pali X-ray yoyamba yomwe imafuna kugonetsa galu, kuyeza magazi, mankhwala ogonetsa, zitsulo, kugona kuchipatala, mankhwala opita nawo kunyumba, X-ray ina pakatha masabata 6 mpaka 8, ndipo mwina kuchotsa kamsomali ngati kayamba kuvuta. Pemphani kuti akulembereni zonse papepala, ndipo funsani kuti zikavuta, opaleshoni yachiwiri adzalipira ndani. Ngati muli ndi inshuwaransi ya ziweto, werengani bwino: makampani ambiri salipira vuto lomwe linaoneka galu asanalembetsedwe, ndipo ena amati bondo limodzi likadwala, linalo nalonso ndi vuto lakale.

*Kupezeka kwake.* Madokotala ena wamba a ziweto amaichita bwino, makamaka pa agalu ang'onoang'ono a giredi 2 kapena 3. Palinso akatswiri a opaleshoni omwe anaphunzira zaka zowonjezera, monga ovomerezedwa ndi American College of Veterinary Surgeons kapena European College of Veterinary Surgeons. Amenewa ndi okwera mtengo ndipo mzere wawo ungakhale wautali. Funso loti "mumachita angati otere pachaka?" si lamwano. Dokotala wabwino amayankha osakwinya nkhope.

*Chisamaliro.* Masiku 10 mpaka 14 oyamba ndi a bala: kolala yapulasitiki yonga fanelo, yoletsa galu kunyambita bala, isachoke m'khosi, usana ndi usiku, mpaka ulusi utachotsedwa. Kenako masabata otsalawo ndi a fupa, kuti kansonga kanasunthidwa kaja kagwirane. Galu amakhala m'kakhola kapena m'kachipinda kopanda mipando yodumphira, kutuluka ndi chingwe pokadzithandiza pokha, n'kumawonjezera mphindi zoyenda pang'onopang'ono monga dokotala wanenera.

*Zoopsa.* Kafukufuku wina wa mu 2006 wa madokotala a ziweto Arthurs ndi Langley-Hobbs, yemwe anatsatira agalu 109, anapeza kuti mavuto anabuka pa maopaleshoni 18 mwa 100 aliwonse, ndipo patella anagulukanso pa 8 mwa 100. Agalu olemera makilogalamu 20 kapena kuposa ndi omwe anakumana ndi mavuto ambiri. Mavuto ena ndi kamsomali kusuntha n'kuyamba kubaya khungu, kansonga kaja kuthyoka, madzi kudzadza pansi pa bala, ndi bala kuchita mafinya. Nyamakazi imatha kubwerabe ngakhale opaleshoni itayenda bwino, kungoti galu amayenda bwino kuposa akanasiyidwa. Ndipo miyezi yodikirayo si yaulere: giredi ikhoza kukwera.

Njira yachitatu: opaleshoni kagalu kakadali kakang'ono

Pali tiagalu tomwe sitingadikire. Kagalu ka miyezi 3 kapena 4 koyenda chonyonyomala, miyendo yakumbuyo ili matewe, kolephera kuwongola bondo, kakadikira chaka mafupa ake adzakhala atapindikiratu. Apa dokotala amagwiritsa ntchito njira zosakhudza malo okulira fupa: kumasula ndi kumanga minyewa, kuika ulusi wolimba woletsa fupa la msongolo kupotokera mkati, ndipo kwa tiagalu tosakwana miyezi pafupifupi 6, kutukula mnofu wosalala wa m'kangalande ngati chivundikiro, kukumba pansi pake, n'kuubwezera. Pa msinkhu umenewu mnofuwo umakhala wokhuthala mokwanira kutero.

*Mtengo.* Konzekerani kulipira kawiri, chifukwa tiagalu tina timafunikanso ina tikakula.

*Kupezeka kwake.* Ndi ntchito ya dokotala wozolowera mafupa a ana agalu. Si chipatala chilichonse.

*Chisamaliro.* Mafupa ndi mabala a kagalu amapola msanga, koma kusunga kagalu ka miyezi 4 kali phee ndi nkhondo. Komanso ino ndi nthawi yomwe kamayenera kuzolowera anthu, phokoso ndi agalu ena, ndiye muyenera kumakanyamula kuti kaone dziko kali m'manja.

*Zoopsa.* Patella kugulukanso kagalu kakamakula ndi choopsa chachikulu. Pogonetsa, tiagalu tating'ono timazizidwa msanga ndipo shuga wa m'magazi amatsika msanga, n'chifukwa chake satisala chakudya nthawi yaitali ngati agalu akuluakulu. Tsatirani maola omwe chipatala chakuuzani, osati omwe mukukumbukira pa galu wanu wakale.

Njira yachinayi: kudula ndi kuwongola fupa la ntchafu

Fupa la ntchafu likapindika kwambiri, kusuntha kansonga ka msongolo sikukwanira. Dokotala amadula fupalo chakumunsi, kuchotsa kachidutswa, kuliwongola, n'kulimanga ndi chitsulo chophwatalala ndi zomangira. Zimachitika kwambiri pa agalu akuluakulu, pa giredi 4, ndi pomwe opaleshoni yoyamba yalephera.

*Mtengo.* Wokwera kuposa zonse, ndipo nthawi zambiri pamafunika kujambula ndi makina a CT kuti ayeze kupindikako molondola.

*Kupezeka kwake.* Kwa akatswiri okha, mwina ulendo wautali.

*Chisamaliro.* Monga njira yachiwiri, koma mosamala kwambiri ndipo mwina motalikirapo, chifukwa fupa lonse ladulidwa pakati.

*Zoopsa.* Chitsulo kupindika kapena kumasuka, fupa kuchedwa kugwirana, matenda kulowa pachitsulo.

Za nkhawa ija yosowetsa tulo

Eni agalu ambiri chomwe amaopa ndi chimodzi: kakagonetsedwa pa opaleshoni, kodi kadzadzuka? Mantha amenewa ndi omveka, koma manambala ake ndi otonthoza. Kafukufuku wamkulu wa ku United Kingdom yemwe anasindikizidwa mu 2008 anapeza kuti mwa agalu athanzi omwe agonetsedwa, womwalira chifukwa cha kugonetsedwako ndi pafupifupi mmodzi mwa 2,000. Funsani ngati pamakhala munthu woyang'anira kupuma ndi kugunda kwa mtima nthawi yonse ya opaleshoni komanso maola oyamba galu akadzuka, ndi momwe amamufunditsira. Mayankho a mafunso awiriwa adzakuuzani zambiri za chipatalacho.

Kwa ine, malo oyenera kuikapo nkhawa ndi sabata yachitatu. Masiku oyamba ndi osavuta kumvera malamulo: kagalu kali wefuwefu, mwendo wometedwa uli wofiira ndi wotupa mpaka kukakolo, kakukuyang'anani ndi maso achisoni m'kati mwa fanelo ija, ndipo inu mukugona pansi pafupi ndi khola. Kutupa ndi kufiira pang'ono kotere n'kozolowereka, ndipo agalu ambiri amayamba kugunditsa zala pansi m'masiku ochepa. Koma ikafika sabata yachitatu ulusi wachoka, ululu watha, kagalu kakudziona kochira, kakukanda chitseko cha khola ndi kulira ngati mwakalakwira. Fupa lokha ndi lomwe silinamve uthengawo. Wina m'nyumba amva chisoni, atsegula "kwa mphindi ziwiri zokha," belu la pakhomo lilira, kagalu kadumpha pasofa. Paja fupa lokakamiza limaswa mphika, ndipo apa fupalo ndi lenileni.

Zomwe zimathandiza ndi zazing'ono. Yalani makalapeti kapena mphasa zosaterera ponse kadutse. Chakudya chake chiikeni m'zidole zobisa chakudya kuti katope ndi kuganiza m'malo mothamanga, koma chepetsani muyeso popeza sikakuyenda. Lembani malamulo papepala, mumate pakhola, kuti mlendo ndi mwana yemwe awerenge. Ngati kakulephereratu kudekha, uzani dokotala. Alipo mankhwala okhazika galu pansi. Ndipo imbani foni tsiku lomwelo mukaona bala likutuluka mafinya kapena kutseguka, kagalu kakusanza kapena chimbudzi chada bii, kakukana kudya, kapena mwendo womwe kanayamba kuponda kaunyamulanso mwadzidzidzi.

Mawondo onse awiri akafunika opaleshoni, pali kusankha kwina. Kuchita onse tsiku limodzi kumatanthauza kugonetsa kamodzi, kutsekera kamodzi, ndipo kawirikawiri mtengo wocheperapo, koma sabata yoyamba galu alibe mwendo wodalira ndipo mumamugwiriziza ndi thaulo pansi pa mimba. Kwa kagalu konyamulika ndi dzanja limodzi n'zotheka. Kwa galu wolemera, madokotala ambiri amayamba ndi bondo loipitsitsa, linalo n'kudzalichita loyambalo litapola.

Njira iti kwa ndani

Giredi 1, kapena giredi 2 yomwe yapezeka mwangozi pa katemera pomwe kagalu sikatsimphina: yang'anirani, sungani thupi lake lochepa, ndipo kakaonedwenso kakadali kukula. Opaleshoni pano ingakhale kuputa mavuto omwe kalibe.

Giredi 2 yotsimphina kangapo pasabata, kagalu kali ndi miyezi 6 kapena 7, mafupa osapindika kwambiri: dikirani miyezi yotsalayo mukusamala, kenako njira yachiwiri. Gwiritsani ntchito nthawiyo kuphunzitsa kagalu kukonda khola ndi kuvala kolala, kusonkhanitsa ndalama, ndi kusankha masabata omwe mudzakhale pakhomo.

Giredi 3 pa galu yemwe watsala pang'ono kumaliza kukula: njira yachiwiri, osazengereza kwambiri, ngakhale akuoneka kuti sakumva ululu. Agalu ambiri a giredi 3 salira, amangoyenda mopinda mawondo ndi kukana kudumpha.

Giredi 3 kapena 4 pa kagalu ka miyezi yochepa koyenda chonyonyomala: kaonaneni ndi katswiri sabata zino, osati chaka chamawa. Njira yachitatu ndi yanu, ndipo muikiretu m'mutu kuti yachiwiri kapena yachinayi ingadzatsatire.

Galu wamtundu waukulu, giredi 4 pa msinkhu uliwonse, kapena patella yemwe wagulukanso pambuyo pa opaleshoni: pemphani kuti mafupa ayezedwe bwino kaye, chifukwa njira yachinayi ndi yomwe ingafunike.

Ngati ndalama sizikukwana lero, nenani momveka kwa dokotala. Pa giredi 2 miyezi ingapo yosunga ndalama kawirikawiri siwononga zambiri; pa kagalu kakang'ono ka giredi 4 imawononga, ndiye funsani za kulipira pang'onopang'ono kapena za chipatala cha sukulu yophunzitsa madokotala a ziweto ngati chilipo chofikirika. Ngati vuto ndi loti palibe wokhala pakhomo, sunthani tsiku la opaleshoni m'malo mofupikitsa masabata a khola. Ndipo kaya mwasankha njira iti, galu ameneyu asadzabereke, ndipo yemwe anakugulitsani kapena kukupatsani muuzeni zomwe zapezeka, popeza abale ake a kagaluko angakhale ndi bondo lomwelo.